Ng'ombe za a Ngozo Zimvera Foni

Duncan, mwana wa mlongo wawo wa bere limodzi, ndiye anawalakwira a Fabiano Ngozo, ndipo anawalakwira chaka chatha m'nyengo yokumba kachewere, mvula itangosiya. Sanawabere mbuzi, sanawalande munda. Zoterozo zikanakhalako bwino, chifukwa mbuzi imasiya mapazi ndipo munda suthawa. Iye anawatengera mawu a pakamwa pawo, eni ake ali chiimire m'munda mwawo, masanasana.

Kuti mumvetse kukula kwa mlanduwu, muyambe mwazidziwa ng'ombe zawo. A Ngozo anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, Folomani ndi Mabalani. Mayinawa anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni, kumene anasiya unyamata wawo ndi theka la chifuwa. Kumeneko folomani ankawalalatira pansi pa nthaka, ndipo akatuluka, mabalani, kalaliki wa pa mgodi, ankawalalatira pamwamba. Ndiye tsiku limene anagula ng'ombezo zikadali zazing'ono anati, "Tsopano nanenso ndilamuleko folomani ndisanafe."

Anthu a mbali ya Kandeu amadziwa kubwereka. Khasu amabwereka, njinga amabwereka, ngakhale jekete lopitira ku ukwati amabwereka, ndipo chobwerekacho chimabwerera chikutsimphina. A Ngozo ankawadziwa anthu awo. Choncho ng'ombe zawo sanaziphunzitse ndi chikwapu, sanaziboole mphuno, sanazilankhule Chichewa ngakhale tsiku limodzi. Anaziphunzitsa ndi pakamwa pokha, m'Chilapalapa cha ku mgodi. Akati "Hamba, wena!" zinkanyamuka. Akati "Yima!" zinkaima pomwepo ngati zakhomeredwa. Akati "Buya lapa!" zinkatembenuka n'kubwera pamene iwo ali. Ndipo anaziphunzitsa chinthu china chachikulu kuposa mawuwo, chakuti padziko lonse pali kukhosi kumodzi kokha koyenera kumvera.

Kuyambira pamenepo a Ngozo sankamana munthu ngolo. "Tengani, achimwene," ankatero, "ngolo ndi ya tonse." Kenako ankatulutsa mpando n'kukhala pakhonde kuti aonerere. Wobwerekayo ankamanga goli bwinobwino, n'kukwera, n'kufuula "Hamba, wena!" monga anamvera eni ake akunenera. Folomani ankayang'ana Mabalani, Mabalani n'kuyang'ana kuphiri, zonse n'kumangobzikula. Ena ankasintha mawu, kukulitsa kukhosi, kutsokomola kaye monga a Ngozo amachitira. Ayi ndithu. Ngakhale akazi awo, a Janeti, amene a Ngozo ankawaitana ndi mfunda wawo kuti a Nanzunga, ng'ombezo zinkawaona ngati mlendo wodutsa, chonsecho ndiwo ankazipatsa madeya.

Tsono Duncan. Ameneyu anali bambo wa ndevu zake, wa mkazi ndi ana, koma anabwerako ku Lilongwe ndi foni yaikulu ndi kandodo koyikapo foniyo, n'kunena kuti ntchito yake tsopano ndi kupanga mavidiyo a pa intaneti. Ankadzijambula akudya chipisi, akuvina, akumeta. Sankamuonera munthu, kupatula mkazi wake, amenenso ankaonera pofuna kudziwa kumene wapita.

M'mawa wina anafika kumunda kwa amalume ake, kumtunda kwa dambo, napeza akukweza matumba a kachewere. Sanagwire thumba ngakhale limodzi. Anangoima pa mzere, kandodo m'mwamba. A Ngozo ankayesa kuti akufunafuna netiweki, poti anthu a masiku ano amayenda atakweza manja ngati akupempha mvula. Tsikulo chifuwa chawo chinali chitatseguka bwino, mawu akutuluka ngati belu la tchalitchi. Anaziyendetsa ng'ombe, kuziimitsa, kuzibweza, manja ali kumbuyo. Duncan sanapemphe, sanathokoze. Anangoti, "Amalume, ndinu dolo," n'kumapita.

Vidiyo imene Duncan anawajambula tsikulo inayenda ngati moto wa m'tchire la mu Okutobala. Duncan anabweranso, nabweranso. A Ngozo ankamva mphekesera zoti akuoneka m'mafoni, koma sanasamale. Chithunzi sichichepetsa munthu, anatero. Ku Joni anajambulidwapo cha pa chiphaso ndipo anabwerako amoyo.

Zinayamba pa tsiku la msika pa Kandeu. A Ngozo anaimika ngolo yodzaza pafupi ndi ogulitsa tomato, nauza ng'ombe kuti "Yima!", iwo n'kulowa m'tiyirumu ya mayi Sellina kuti atenthetse m'mimba. Anali atangonyika sikono m'kapu pamene anadzimva okha akufuula panja.

"Hamba, wena!"

Anagwira pakamwa pawo. Panali potseka, muli sikono. Koma mawuwo anali awo, ndi kakhosomo komwe kamayambirira kaja. Anasuzumira pazenera naona mayi wa tomato akupisa m'chitenje, ndipo ngolo yawo ikuyenda yokha.

Anatuluka kapu ili m'manja. "Yima!" Ng'ombe zinaima.

"Hamba, wena!" anayankha a Ngozo ena, kuchokera m'thumba la buluku la wogulitsa kaunjika.

"Yima!"

"Hamba, wena!" Awa tsopano anali m'dengu la usipa.

Folomani ndi Mabalani zinali ng'ombe zaulemu, zosafuna kukhumudwitsa mbuye wawo, kaya ali kumanja, kumanzere kapena m'dengu. Zinanyamuka, kuima, kunyamuka, mpaka zinadutsa pakati pa milu ya tomato n'kukaima mphuno zili m'shedi ya okazinga nyama ya mbuzi. Msika wonse unagwa ndi phwete. Ena anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula.

Amene anawafotokozera anali Austin, wokonza mafoni, yemwe kabenchi kake kali kuseri kwa chigayo. Anawakhazika pa kreti, nawaonetsa foni. Panali kankhope kawo, kakang'ono ngati tambala yakale, katatsegula pakamwa, pansi pake palembedwa kuti Madala Hamba.

"Iyi ndi apu, madala. Kapulogalamu ka m'foni. Ndi ya masapota anu."

"Ine ndine timu ya mpira?"

"Muli nawo masapota, madala, mpaka ku Karonga. Munthu akaika apu imeneyi, saphonyanso vidiyo ya Duncan. Duncan akangoponya yatsopano, foni imalira kuti mwini wake adziwe. Kulira kwake ndi kumene mwamvaku."

"Ndiye imangoti hamba?"

"Netiweki ikathawa imati yima. Munthu akakhala nthawi osaitsegula, imamuitana kuti buya lapa. Anaiganizira bwino, madala, musanyoze."

"Wapanga ndani? Duncan?"

"Duncan apange apu? Amabwera kuno kuti ndimutsegulire foni akaiwala nambala yake yachinsinsi. Iyi si yake. Anangopanga wina wokukondani."

"Dzina lake?"

Austin anatsitsa chala pa galasi. "Akuti Sapota Namba Wani."

"Mwana wa yani? Kwawo n'kuti? Mfunda wake ndani?"

"Sanalembe."

"Nanga m'mafoni a anthu a pano waika ndani?"

Austin anayamba kupukuta kabenchi kake, komwe kanali koyera kale.

A Ngozo anamupeza Duncan kunyumba kwa mayi ake, a Eliza, mlongo wawo uja, atakhala pa mtondo akudya nzimbe.

"Iwe, bweza mawu anga."

"Amalume, mwadzuka bwanji kaye?"

"Ndadzuka m'dengu la usipa. Bweza mawu anga."

"Amalume, inenso andibera! Apu imene ija sanandipemphe. Akudyera pa thukuta langa."

"Thukuta lako liti? Pamene ndinkakweza matumba iwe unagwira kandodo."

"Kujambula ndi ntchito, amalume. Dzanja limatopa."

A Eliza anatulukira pakhomo ali ndi lichero. "Achimwene, mwanayu wakutchukitsani. Dzana ku chipatala anandilowetsa kutsogolo atamva kuti ndine mlongo wa Madala Hamba. Mukanamuthokoza."

"Inu, Nangozo, mwana wanu walowetsa mlongo wanu m'matumba a mabuluku a anthu. Ndikulira m'zitenje za akazi a eni. Mukuti ndithokoze?"

"Nanga si mawu okha? Atha? Si awa mukutilalatira nawowa?"

Duncan analavula zotsalira za nzimbe nalonjeza kuti akonza. Anati apanga vidiyo yapadera, yaulemu, yopempha Sapota Namba Wani kuti achotse mawu a amalume ake, ndiponso yopempha anthu onse kuti afufute apuyo. A Ngozo sanamukhulupirire, koma analibe khomo lina logogoda.

Masiku otsatirawo anali a chipwirikiti. Mayi Sellina anatanganidwa ndi ntchito osatsegula apu yawo, foni inaitana "Buya lapa!", ndipo Folomani analowetsa mutu ndi nyanga zomwe pa zenera la tiyirumu. Mphunzitsi wina akudutsa pa njinga, foni yake ikuitana, anatengana ndi ngolo mpaka kusukulu. A Ngozo anayamba kuzemba misewu ya anthu, kudzera m'tinjira ta m'minda, ndipo akaona munthu akubwera ankafuula ali patali, "Muli ndi foni? Dzerani uko!"

Kenako anamwalira a Julius, mnzawo amene anapita naye ku Joni pa ulendo umodzi. Manda a kwa a Julius ali kutali, kutsidya kwa chitunda, ndipo adzukulu, anthu okumba manda ndi kunyamula maliro, anapempha ngolo. Pa maliro sipakanidwa kanthu. Komanso a Ngozo anaona kuti n'koyenera kuti mnzawo amuperekeze Folomani ndi Mabalani, popeza onse awiri anatukwanidwapo ndi anthu a mayina amenewo.

Asananyamuke anaima pamaso pa khamu, chipewa m'manja. "Abale, ndapota nanu, zimitsani mafoni."

Onse anagwedeza mitu. Palibe anazimitsa. Munthu wa lero akhoza kukupatsa mwana wake kuti umulere, koma foni sazimitsa.

Bokosi linakwezedwa. Amayi a chigwirizano, atavala zoyera, anayambitsa nyimbo. A Ngozo anayenda pambali pa Folomani, namunong'oneza mawu ake, ngolo n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, mwaulemu wake. Anakwera chitunda bwinobwino. Pamwamba pa chitundacho ndi pamene netiweki imagwira kwambiri m'dera lonselo, ndipo nthawi yomweyo ndi imene Duncan, ali kwawo, anasankha kuponya vidiyo yake yopepesa ija.

Inayamba foni ya mkulu wa mpingo. Inatsatira ya mayi woyambitsa nyimbo. Kenako chitunda chonse chinasanduka a Ngozo. "Hamba, wena! Hamba, wena! Hamba, wena!" A Ngozo a m'jekete, a Ngozo a m'kachikwama, a Ngozo a m'bulauzi. Ng'ombe sizinamvepo mbuye wawo akulamula mokangamira chotero. Zinaimika michira n'kuliyatsa liwiro kutsetsereka, a Julius ali pambuyo.

Anthu anathamangira ngolo kuti aigwire. Koma uthenga sufika m'mafoni onse nthawi imodzi, ina imachedwa, ina imafulumira. Ndiye aliyense woyandikira ngolo ankafika foni yake ikungoyamba kumene kulira, ng'ombe n'kuwonjezera moto. Amayi a chigwirizano, posadziwa ngati n'kololedwa kusiya nyimbo ya maliro pakati, ankathamanga akuimbabe. Njira ya kumanda inatsala kumanzere. Ngolo inalunjika kudambo.

A Ngozo anathamanga monga sanathamangirepo chibwerere ku Joni. "Yima! Yima! Folomani, yima!" Koma kukhosi kumodzi kungapose bwanji makosi a mudzi wonse, onsewo ali ako omwe? Anafuula mpaka anamva china chake chikung'ambika m'kati, ngati thumba lakale la feteleza. Anafuulanso, ndipo chimene chinatuluka chinali mphepo yokha.

Kudambo netiweki kulibe. Khamu litangofika m'matope, mafoni onse pamodzi anati, "Yima!" Ng'ombe zinaima. Bokosi linatsetsereka pang'ono n'kugunda thabwa lakutsogolo, koma silinagwe.

Adzukulu, amene mwambo umawalola kuseka pamaliro, sanachedwe. "A Julius moyo wawo wonse sanakwerepo galimoto yothamanga chonchi," anatero wina. "Akufuna ayambe athirira dimba lawo," anatero mnzake. Ananyamula bokosilo pamapewa n'kukwera nalo chitunda chija kubwerera, akudandaula njira yonse. A Ngozo anatsala m'dambo ndi ng'ombe zawo. Mnzawo anaikidwa iwo kulibe.

Mawu anawathawa kwa nthawi ndithu. A Nanzunga anawaphikira mandimu, jinja, uchi, ndi mizu ina yowawa imene anapatsidwa ndi mayi wa ku Kasinje. Kuchipatala anawayang'ana kukhosi ndi tochi nawauza kuti apumitse pakamwa, zimene a Nanzunga anati akhala akuwauza chikwatirane. Ng'ombe zinakhala m'khola, zikudya.

Mawu atabwerera, anabwerera a munthu wina. Anali opyapyala, osasa, ngati chitseko cha nkhokwe. A Ngozo sanadandaule kwambiri, poti kachewere wotsala anali atayamba kumera maso m'nyumba ndipo ankafunika kupita kumsika. M'mawa wina anamanga goli, a Nanzunga anawathandiza kukweza matumba, iwo n'kukwera, n'kutsokomola.

"Hamba, wena!"

Folomani anayang'ana Mabalani. Mabalani anayang'ana kuphiri.

"Hamba, wena! Ndine, Folomani. Ndine ndemwe."

Zinangobzikula. A Ngozo anatsika, naima kutsogolo kwa ng'ombezo, navula chipewa kuti ziwaone bwino nkhope. Anazinunkhitsa dzanja. Mabalani ananyambita dzanjalo mwaulemu, monga ankachitira ndi wobwereka aliyense, n'kupitiriza kubzikula.

"Mwina muyese chikwapu, a Ngozo," anatero a Nanzunga.

A Ngozo anabwereka chikwapu, iwo amene sanabwerekepo kanthu kwa munthu. Folomani atachilawa anadabwa kwambiri, nagona pansi m'goli momwemo. Mabalani, poona mnzake wagona, anagonanso.

Anayesa kuziphunzitsa mawu atsopano ndi kukhosi kwatsopanoko, kuseri kwa nyumba kopanda anthu. Koma ntchito imene anaigwira kale anaigwira bwino zedi. Anaziphunzitsa kuti asadzabwere munthu ndi mawu ena n'kuzinyenga, ndipo tsopano munthuyo anali atabwera.

A Nanzunga ndiwo anabweretsa foni. Inali yakale ya mwana wawo Tracy, wokwatiwa ku Balaka, yong'ambika galasi pakona. Anapita nayo okha kwa Austin, n'kubwera nayo ili ndi kankhope ka amuna awo.

"Chotsani chimenecho m'nyumba mwanga."

"Kachewere akuwola, a Ngozo. Mukufuna tidye ulemu?"

A Ngozo anagonja, koma anayamba apita kwa Austin kukafunsa. "Ndikafuna kuti ilire, ndidina pati?"

"Palibe podina, madala. Imalira yokha Duncan akaponya vidiyo."

"Ndiye ndiike vidiyo yakale ija, ng'ombe zimve."

Anayesa. Koma m'mavidiyo onse Duncan anathiramo nyimbo za magitala ndi kuseka kwa anthu osaoneka, moti mawu a a Ngozo ankamveka ngati munthu womira m'chitsime pa tsiku la ukwati. Mawu oyera anali mu apu mokha. Mmene Sapota Namba Wani anawasefera, Austin sankadziwa. Anayesa kuwajambula ndi foni ina pamene apu ikulira, koma Folomani atamvetsera anangopukusa khutu. Ng'ombe imene inakana anthu amoyo sikanalola chithunzi cha chithunzi.

"Kuimitsa kokha ndiye n'kosavuta," anatero Austin. "Muiponye m'chitini, mutseke. Netiweki ithawa, inena yima."

Choncho a Fabiano Ngozo, bambo amene ankayendetsa ngolo manja ali kumbuyo, anayamba kumanga ng'ombe m'mawa, kukweza matumba, kukwera, kuika foni pa bondo ndi chitini cha mkaka pambali, n'kumadikira kuti mwana wa mlongo wawo aponye vidiyo. Tsiku lina ankaponya dzuwa lisanatenthe. Tsiku lina ankaponya msika utatha. Tsiku lina osaponya n'komwe, ndipo a Ngozo ankatsitsa matumba madzulo pamalo pomwe anawakwezera. Ikalira, ankayenda mpaka pokhota kapena potsetsereka pofunika kuima, n'kuponya foni m'chitini. Zikaima, zaima. Kuti zinyamukenso, Duncan aponyenso.

Anatuma a Nanzunga kukamuuza kuti aziponya m'mawa pa tsiku la msika, ndiponso kawiri, chifukwa panjira pali mlatho wofunika kuimapo. Yankho linabwera lakuti masapota amaonera kwambiri madzulo, ndipo iye sangaononge ntchito yake chifukwa cha mlatho. Anawonjeza kuti ngati amalume akufuna mavidiyo ochuluka, alole aziwajambula ali pa ngolo akudikira, chifukwa anthu akufunsa kuti madala ali kuti.

A Ngozo anakana. Kachewere ananunkha. A Ngozo analola.

Ndiye zinkatere: Duncan ankabwera ndi kandodo kake, n'kuwajambula atakhala pa ngolo yosayenda, nkhope ili gwa. Akatha ankakwera chitunda kukasaka netiweki, n'kuponya. Foni ya pa bondo inkafuula, ngolo n'kunyamuka. Mavidiyo amenewa anthu anawakonda kuposa oyamba aja. Ankati madalawa amadziwa kuseketsa osatsegula pakamwa. Duncan anagula jekete lachikopa, ndipo posakhalitsa anaitanidwa ku Lilongwe ndi anzake a mavidiyo. Anapita osatsanzika. Kumeneko ankaponyabe, akudya m'malesitilanti, pa nthawi zimene iye wafuna, ndipo ngolo ya ku Kandeu inkanyamuka Duncan akayamba kudya nkhuku.

Tsiku lomaliza linali la msika, kukuzizira, chiperoni chitakuta mapiri. Foni inalira m'mawa ndithu, mwamwayi, ndipo a Ngozo anafika pa mlatho nthawi yabwino. Kutsogolo kunkabwera lole, choncho anaponya foni m'chitini. "Yima!" anatero mawu awo akale, amphamvu, a m'mawa uja wa m'munda, ali m'chitini. Ng'ombe zinaima. Lole inadutsa. Anatulutsa foni n'kuyamba kudikira.

Dzuwa litakwera foni inanjenjemera. Pa galasi panabwera kamzere koyenda pang'onopang'ono, ndipo katafika kumapeto, kankhope kawo kanazimirira. M'malo mwake munabwera nkhope ya munthu wonenepa, wovala chipewa cha pepala, atanyamula dzira. Kenako foni inalira. Inalira ngati nkhuku yoikira.

Folomani sanagwedeze ngakhale khutu.

A Ngozo anasiya ngolo pa mlatho n'kuyenda wapansi mpaka kuseri kwa chigayo. Austin anaiyang'ana foniyo kamodzi kokha.

"Yasintha, madala. Mafoni onse asintha lero. Sapota Namba Wani walemba kuti watopa ndi za ng'ombe. Tsopano akutsatira mkulu wina wa kumpoto amene amameza mazira owiritsa osatafuna."

"Nanga mawu anga?"

"Wachotsa."

"Wawaika kuti?"

"Wangochotsa, madala. Si zimene munkafuna?"

"Ndinkafuna awabweze kwa ine. Bwezeretsa yakale ija."

"Yakale siigwiranso. Imafuna ilumikizane ndi kwa mwini wake, ndipo mwini wake watseka."

"M'foni mwako mulibe? Mwa mayi Sellina? Mwa mkulu wa mpingo?"

"Monse muli nkhuku."

Anamuimbira Duncan pa foni ya Austin. Anayankha pali phokoso la magalimoto. "Amalume! Mwamva? Apu ija yatitaya. Anthu osayamika! Koma musadandaule, za ng'ombe zinatha kale fasho. Ndikuimbirani, ndili pa kamera." Inaduka.

A Ngozo anabwerera pa mlatho. Anapeza ng'ombe zili pomwe anazisiya, chifukwa mawu omaliza amene zinamva kwa mbuye wawo anali akuti ziime. Anaima patsogolo pawo nayesa ndi kukhosi kwawo kosasa, motsitsa, mokweza, mopempha. Anthu obwera kumsika ankazungulira ngoloyo ndi njinga zawo, ena akupereka malangizo, ena akufunsa ngati madalawa ndi omwe aja ankaoneka m'foni kale. Dzuwa litapendeka a Nanzunga anafika ndi wilibala yobwereka. Anamasula goli. Ng'ombe, zitaona kuti ntchito palibe, zinatsikira kumtsinje kukamwa madzi, kenako zinapita kwawo zokha chifukwa cha njala. Ngolo anaikankha anthu tsiku lotsatira.

Chaka chino kachewere wabereka bwino kumtunda kwa dambo. A Ngozo amamutengera kumsika pa wilibala, thumba limodzi pa ulendo, akupumira panjira chifukwa cha chifuwa. Folomani ndi Mabalani zanenepa, ndipo nthawi zina zimawatsatira pambuyo mpaka pa mlatho, n'kuima, n'kumawayang'ana akukwera chitunda. Ogula nyama abwerapo kudzazifunsa, a Ngozo anawathamangitsa ndi manja. Ngolo ili kuseri kwa khola, matayala aphwa, nkhuku zikuikiramo. Sapota Namba Wani sanadziwike kuti ndani. A Eliza amati nkhaniyo inatha. Duncan ali ku Lilongwe, ndipo sanabwere kudzapepesa.